Fodya Wanga ndi Mafilimu a Wamvula

Lolemba

Basi, zakwana. Sabata ino ndithana nazo.

Fodya ali mbwee m'chigafa, wauma bwino, akungodikira kusankhidwa. Lole ya kalabu yathu ikubwera Lolemba likudzali kudzanyamula mabelo kupita nawo ku okushoni. Ikatisiya, tidikira ulendo wina, ndipo tsiku la ulendo winawo ngakhale a tcheyamani salidziwa. Nanga amuna anga, a Phiri, ali kuti? Ku vidiyo sho!

Tsiku ndi tsiku ndi momwemo. M'mawa tikusankha tonse bwinobwino. Dzuwa likangopendeka ayamba kuyasamula, kudzikanda m'khosi, kenako: "Amayi, ndikaoneko kaye mpope wa njinga kwa a Saidi." Mpope umenewu ukuonedwa chiyambire Pasaka.

A Saidi ndi eni golosale pamsika pa Kapelula. Kuseri kwa golosaleyo adamangako kachipinda, sola padenga, mabenchi m'kati. Ndafunsafunsa. Chawadya mutu amuna angawa ndi mafilimu a munthu mmodzi wa ku Lilongwe. Dzina lake limalembedwa pasikilini, koma anthu amangomutcha Wamvula, ati chifukwa mufilimu yake iliyonse mumagwa mvula. A Phiri akuti ndi dayilekita, ndiye kuti iye mwini saoneka, amangouza anzake poima ndi polira. Munthu wosaoneka n'kundilanda mwamuna nthawi ya fodya!

Zochita zanga ndi izi:

Mawa ndikaonere ndekha imodzi. Imodzi yokha, kuti ndikamanyoza ndizinyoza chinthu chomwe ndachiona.
Mabodza onse ndidzawayalire a Phiri pamphasa, achite manyazi.
Lachinayi ndikayankhule pamsonkhano wa amayi kutchalitchi, aliyense agwire wake.
Loweruka kudinda mabelo, onse.

Ndidawasiyitsa bawo anthu amenewa chaka chija cha mbozi. Ndiye kanema angandikanike ine?

Lachiwiri

Ndapita. Chitenje kumutu ngati wa kumaliro, kukakhala benchi lakumbuyo kwenikweni. Mdima, kutentha, fungo la thukuta ndi zitumbuwa. A Phiri ali kutsogolo, chipewa pabondo, msana chilili. M'tchalitchi sakhala choncho.

Ya lero amaitcha ya dalaivala. Mtsikana wakumudzi, Lusiya, akufunidwa ndi amuna awiri: dalaivala wa minibasi, mmphawi koma wamtima, ndi mwana wa bwana wa esiteti.

Mabodza omwe ndaona ndi maso angawa:

Lusiya akulima, zikhadabo zofiira, zazitali ngati za kabawi. Khasu wagwira ngati akuopa kuti limuluma. Mzere umene wapanga ngakhale nkhuku siingaukhulupirire.
Wolemera akamatsika m'galimoto, timayamba taona nsapato. Nsapato yokha, nthawi yaitali. Kenako wotchi. Nkhope imabwera mochedwa ngati mlendo wa paukwati.
Mbama imodzi amaionetsa katatu: kumanja, kumanzere, kenako pang'onopang'ono, tsaya likugwedera. Kwathu kuno mbama n'kamodzi, nkhani n'kupita kwa ankhoswe.
Apongozi oipa amadziwika ndi kukula kwa duku. Akangolowa, ng'oma gu! Ngati ife owonera ndife ana, sitingathe kuzindikira tokha munthu woipa.
Mvula ija. Lusiya akulira, mvula ikumugwera iye yekha. Kumbuyo kwake dzuwa lili phwee, mayi wina akuyanika zovala! Ndi paipi imeneyo, wina wakwera nayo mumtengo.
Ndipo kamera yake imakonda kuima pamalo popanda munthu. Chitseko chotseka, ife n'kumachiyang'ana mpaka kutopa. Kutaya nthawi ya anthu.

Ndiye tafika pamapeto. Lusiya waima pasiteji, chikwama m'manja. Uku minibasi, uku galimoto ya mwana wa bwana, onse atsegula zitseko. Wakweza phazi. Sikilini thii! Batire latha.

Chipinda chonse kubuma ngati pagwa maliro. A Saidi ali pakhomo: "Pepani abale, dzuwa lero linajomba."

Ine ndatuluka mwakachetechete. Sizikundikhudza.

Kunyumba ndawayalira a Phiri mabodza onse, limodzi ndi limodzi, mpaka la paipi. Amvetsera bwinobwino, osatsutsa. Kenako akuti, "Nanga inu mukuona kuti akwera iti?"

"Minibasi, nanga ndi wopusa?"

Zatuluka zokha. Amwetulira, atembenukira kukhoma. Asaganize kuti apambana.

Lachitatu

Munthu wachilungamo saweruza mlandu atangomva theka. N'chifukwa chake, osati china, ndapita kwa a Saidi m'mawa. Ndimafunanso twaini womangira mabelo.

Ndawapatsa foni yanga kuti andiikiremo mapeto okha. Abweza foni akumwetulira: "Ndaikamo onse amayi, kuti mukadzudzule bwino." Munthu waulemu, koma wochenjera.

Foni ndaitsamiritsa pamulu wa fodya m'chigafa. Manja akugwira ntchito, diso limodzi lokha ndilo likuyang'ana. Zinthu ziwiri nthawi imodzi ine sizindivuta, ndidalera ana ndikulima.

Taonani chinyengo! Batire lija silinatibisire kanthu. Phazi lili m'mwamba chomwecho, filimu yathera pomwepo. Kwangotuluka malemba akuti tionane mu gawo lachiwiri. Mbava yeniyeni munthu ameneyu. Ndatsegula gawo lachiwiri ndi mkwiyo.

Wakwera ya mwana wa bwana!!! Chitsiru cha mtsikana! Ndakuwa mpaka galu wathawa pakhomo.

Koma ndinene zoona, poti pano ndikulemba ndekha. Pali zina amazidziwa Wamvula. Pali pomwe mayi ake a Lusiya apita kukamuona kunyumba yaikulu ija ya ku esiteti. Anyamula nkhuku ndi kaufa. Awakhazika pasofa, iwo akhala m'mphepete mwenimweni, mapazi abisa kunsi, nkhuku ili pamiyendo poti palibe wailandira. Palibe ng'oma, palibe mvula. Kamera ili pamanja awo basi, akusisita nthenga za nkhukuyo. Ndi mmene ndidakhalira kwa apongozi a mwana wanga Tadala ku Lilongwe. Adamuuza ndani munthu ameneyu?

Ndiponso moni amausiya utheretu. Anthu akakumana amalonjerana mpaka kufunsa za ana ndi za odwala, osadula. Pamenepo ndamupatsa ulemu. Pang'ono.

Koma zikhadabo zija zikadalipo. Tsopano ndi zobiriwira.

A Phiri apita kukaona mpope. Sindinawamve potuluka.

Fodya ndasankha wambiri lero, mulu waukulu ndithu. Ndani amati kanema amasokoneza ntchito?

Lachinayi

Tsiku la amayi. Bulauzi yoyera, yosita. Mawu anga ndawakonza m'njira monse: ulesi, mabodza, mabanja kupasuka, fodya kuwolera m'zigafa.

Titatha mapemphero amayi busa andipatsa mpata. Ndaima. Chiyambi chayenda bwino kwambiri, mitu ikugwedera. Mayi a Nabanda, anzanga oyandikana nawo nyumba, mpaka anena ame.

Kulakwa kwanga n'kufuna kupereka chitsanzo. Ndati, "Tamvani bodza lake," n'kuyamba kufotokoza za Lusiya pasiteji paja. Kuti bodzalo limveke ndayenera kubwerera kwa dalaivala. Kuti za dalaivala zimveke ndayenera kufotokoza za apongozi a duku. Ndangozindikira ndili pakati pa bwalo, chikwama cha wina m'manja, phazi m'mwamba, ndikuyeseza Lusiya. Amayi onse pakamwa yasa.

Zomwe ndamva pambuyo pake:

"Ndiye anakwera iti?"
"Musanene, musanene, ine sindinafikepo!"
"Dalaivalayo ndi wabwino, koma chikondi sichigula feteleza."
"Inu mudakwatiwa ndi feteleza, mukumva bwanji?"

Pamenepo pavuta. Mayi a Nabanda ndi mayi a Nazimbiri, asungichuma athu, atsala pang'ono kugwirana mabulauzi chifukwa cha mwamuna woti kulibe. Wina akuti Wamvula amanyoza akazi, mufilimu iliyonse mkazi ndiye amasochera, mwamuna n'kumukhululukira. Zimenezo ndagwirizana nazo, ndipo ndikanazinena ndine ndikanapatsidwa mpata. Wina akuti ayi, ndi yekhayo amene amaonetsa mkazi akutopa.

Amayi busa aimika dzanja. Ndati eya, tsopano atseke nkhani ndi chidzudzulo.

Akuti, "Amayi, tisaweruze Lusiya tisanaone gawo lachitatu. Muli zambiri m'menemo."

Gawo lachitatu! Amayi busa!

Mfundo yogwira amuna athu siinakambidwe n'komwe. Chomwe tagwirizana n'choti amene ali ndi mafilimuwa m'foni asamakhale womana. Onse ayang'ana ine.

Sindinagonje. Nkhani ndaifikitsa kwa anthu, ndiye chachikulu. Mawa ndiikonza bwino.

Lachisanu

M'mawa a Phiri ayamba kuyang'ana mulu wanga wa Lachitatu uja. Atenga kamtolo kamodzi, akaunika padzuwa. Atenga kena.

Ndaphatikiza. Masamba apansi ong'ambika ndamanga pamodzi ndi apamwamba ofiira bwino, aatali ndi aafupi, ena a nkhungu omwe timataya alinso momwemo. Belo lotere ku okushoni amalibweza, kapena kuligula pamtengo wa zinyalala. Mulu wonse ngofunika kumasula.

Akanakalipa bwenzi zili bwino, ndikanawabwezera za mpope. Koma angokhala pansi n'kuyamba kumasula. Ine ndakhala mbali inayo. Foni ili m'nyumba.

Dzuwa lapendeka. Sanayasamule. Sanatchule mpope. A Phiri ali m'chigafa madzulo, tsiku la ntchito! Ndalemba pano kuti zidziwike: cholinga changa chatheka. Njira yake ndi ina, koma chatheka.

Koma kagwiridwe kawo ka ntchito kandidabwitsa. Tsamba limodzi kulitembenuza kambirimbiri. Atuluka, aima panja, abwerera. Maso amangopita pangodya ya kuchitseko, pomwe pali chitsa chija chokhalira.

Ndawafunsa mosakalipa, koyamba chiyambire zimenezi, kuti kwenikweni kwa a Saidi amakafunako chiyani.

Akuti, "Muno madzulo mumakhala zii, amayi."

Basi, mawu awo ndi omwewo.

Pachitsa chimenecho ankakhala alamu anga a Gedioni, akulu awo a a Phiri, omwe adatisiya dzinja lathali. Chaka ndi chaka akamaliza wawo ankabwera madzulo kudzatithandiza kusankha. Pakamwa posatseka: za ndale, za mpira, za mkazi yemwe adawakana ali anyamata. Ine ndinkadandaula kuti amatisokosera. Fodya uyu ndi woyamba kusankha popanda iwo. Ine ndimawerenga masiku a lole, osaona kuti mnzanga akuthawa chitsa.

Ndalowa m'nyumba, ndatenga foni, ndaitsamiritsa pamulu. Ndati ingolankhula, ife tizigwira ntchito.

Yatuluka ina, ya abale awiri okanganirana munda wa bambo awo. Zonse zili momwemo: nsapato, ng'oma, mbama katatu. A Phiri akuseka, akundionetsa pomwe paipi yaonekera pakona. Iwonso amaiona nthawi yonseyi! Akuti chipinda chonse kwa a Saidi chimaidziwa, ena amachita kupikisana kuti ayambe ndani kuiona.

Kenako mkulu uja wamwalira asanagwirizane ndi mng'ono wake. Maliro atha, anthu abalalika. Kamera yaima pampando wake pakhonde. Mpando wokha. Nkhuku yadutsa. Mpando. Palibe nyimbo. Ndimayembekeza kuti asintha, osasintha.

Lachiwiri ndidati kumeneku n'kutaya nthawi. Lero ndaona kuti amachita dala, amakusiyira malo kuti uikepo wako.

A Phiri aphimba nkhope ndi chipewa. Pamaliro a akulu awo sadalire, adali otanganidwa ndi bokosi ndi chakudya cha alendo. Ndawasiya. Ndangosuntha n'kukhala pafupi, tsamba lili m'manja.

Fodya wa lero: wochepa kwambiri. Sindikufuna kulemba zambiri.

Loweruka

Tsiku lodinda! Ndadzuka tambala asanalire kachiwiri, mtima uli m'malo. Tikalimbikira titha. Ndidaonapo zovuta kuposa izi.

Jeke yodindira mabelo m'mudzi muno ndi imodzi, ya a Chunga, timabwerekana. Afika nayo pangolo m'mawa, akuti masana ikufunika ku Wimbe, tisachedwe. Ndawauza kuti asade nkhawa.

Tadinda omwe anali okonzeka. Ochepa. Otsalawo ngofunika kusankha kaye.

Ndiye Mulungu watumiza thandizo, kapena ndimaganiza choncho. Mayi a Nabanda atulukira, ati adzatithandize kusankha. Kenako mayi a Nazimbiri. Kenako ena atatu a Lachinayi aja. Pomaliza amayi busa, ndi mpando wawo m'manja. Chiyambire kukwatiwa kuno sindinalandirepo chikondi chotere.

Asankha masamba awiriawiri, kenako: "Paja foni ija ili ndi moto?"

Ndakana. Ndanena kuti lero ndi ntchito. Amayi busa akuti gawo lachitatu ndi lalifupi, ndiponso muli phunziro. Munthu ungawakanize amayi busa pakhomo pako?

Si lalifupi.

Dalaivala uja walemera, ali ndi maminibasi ake. Mwana wa bwana wamangidwa. Lusiya wabwerera kumudzi, chikwama chomwe chija. Mayi a Nazimbiri akuti izi n'zodziwikiratu, mafilimu onse a Wamvula ndi amodzi, wosauka amalemera, wolemera amagwa, mwana wamng'ono akhoza kulosera. Ndangomva mawu akuyankha mokweza kuti inde n'zodziwikiratu, nanga nyimbo ya m'buku timasiya kuimba chifukwa tikudziwa ndime yotsatira? Kuti anthu otopa ndi mitengo ya ku okushoni amafuna malo amodzi pomwe zinthu zimatha mwachilungamo. Kuti aliyense akhoza kuseka paipi, koma apange yake tione ngati angakhazike chete chipinda chodzaza amuna.

Mawuwo anali anga. A Phiri andiyang'ana ngati andiona koyamba.

Tsono dalaivala watsika m'galimoto, ndipo tayamba taona nsapato. Tonse m'chigafa nthungululu! Inenso. Nsapato yomwe ija ndimainyoza.

A Chunga abwera kudzatenga jeke. Aima pakhomo, aonera nawo mpaka kumapeto, apukuta m'maso, anyamula jeke yawo, apita ku Wimbe.

Ndipo ngati kuti sizinakwane, kumwamba kwada. Mvula mwezi uno! Mabelo athu ochepa aja ali pabwalo. Chipwirikiti: wina pepala la pulasitiki, wina mphasa, amayi busa akukoka belo ndi a Phiri, mayi a Nabanda agwa chagada m'matope. Tawalowetsa asananyowe kwambiri.

Ine ndatsala pabwalo. Ndayang'ana chigafa chodzaza fodya wosasankha, ndayang'ana njira yomwe yapita jeke, misozi yangoyamba yokha, yaukali. Madzi ali chuu m'khosi.

A Phiri ali pakhonde: "Amayi, musasunthe, mwaima bwino. Kwangotsala nyimbo."

Ndawaponyera patapata. Ndaphonya. Aseka mpaka kukhala pansi, kuseka kwenikweni, kwa m'mimba, komwe sindinakumve chiyambire dzinja. Ndalephera kupitiriza kukwiya. Koma ndidziwitse aliyense: mvula yeniyeni ndi yozizira, ndipo simakongoletsa munthu.

Lamulungu

Kutchalitchi. Abusa alalikira za kusankha njira. Apereka chitsanzo cha "mtsikana wina amene ndidamva nkhani yake", ataima pasiteji pakati pa magalimoto awiri. Tchalitchi chonse mitu pansi, mapewa akugwedera. Amayi busa maso ali m'buku la nyimbo.

Potuluka a tcheyamani a kalabu atipeza. Lole ndi mawa m'mawa, sidikira munthu. Ndawauza kuti atenge mabelo omwe alipo. Afunsa kuti otsalawo bwanji, chaka chino tadwala? A Phiri akuti, "Tinali ndi alendo."

Ndiye zatha motere. Fodya wambiri atsala, adikira ulendo wina. Feteleza wa chaka chamawa adikiranso. Mwamuna sindinamuchotse kwa Wamvula, ndangowonjezerapo amayi asanu ndi mmodzi, a Chunga, ndi ine.

Maganizo anga pa munthu ameneyu sanasinthe kwenikweni. Ndi wabodza. Sadziwa khasu. Amatiyesa ana ndi ng'oma zake zija, ndipo akazi amawaliritsa mopitirira muyeso. Wina amuuze za zikhadabo. Koma amadziwa pomwe munthu amabisa chomupweteka, ndipo amafikapo mosagogoda. Ndikanakumana naye ndikanamukalipira kaye, kenako n'kumuphera nkhuku.

Tapangana ndi a Phiri. Kuyambira mawa, m'chigafa kuyambira m'mawa mpaka fodya athe. Madzulo tiziyatsa wailesi kuti musamakhale zii. Chitsa chija akuti chikhale pomwepo. Kwa a Saidi ndi Loweruka lokha, ndipo tizipita tonse, benchi lakutsogolo.

Foni ndaitsekera m'sutikesi. Muli mafilimu ena omwe sindinawatsegule, ina akuti ndi ya mapasa osinthanitsidwa kuchipatala, koma ine sizikundikhudza. Kiyi ndapereka kwa a Phiri, ndawalumbiritsa kuti asandipatse ngakhale ndigwade.

Angobwera kumene kudzandifunsa ngati ndikufuna kudziwa pomwe amubisa. Ndati ayi.

Akuti ali m'thumba la jekete lapamsomali, kuti ndisavutike n'kufunafuna.